Makina Oima 10:15

Pafakitale yothira mafuta ophikira m'mabotolo, abwana ankafuna lipoti la makina pofika 2 koloko, ndipo a Chipewa, oyendetsa makinawo, anali ndi makalata awiri kale a chenjezo; yachitatu ndi yolongedzera katundu. Wobwera kudzawerenga kabokosi koyendetsa makinawo, kaja amati PLC, anali Wamagetsi wa pakampanipo, mng'ono wa akazi awo a Chipewa.

"Alamu, takulandirani! Komatu mwanenepa bwino," anatero a Chipewa, akumupukutira mpando ndi chipewa chawo.

"Ndatsika makilo awiri," anayankha Wamagetsi. Analumikiza chingwe ku laputopu n'kuyang'ana. "Mwezi uno makinawa aima ka 41."

"Katatu."

"Ka 41."

"Abwana ndawauza kale kuti katatu. Kabokosi kopanda maso kangatsutse munthu wa zaka 19 pantchito?"

"Sikakutsutsa. Kamangowerenga. Lamba wonyamula mabotolo akaima, kamawonjezera imodzi n'kulemba nthawi."

"Kaulesi kake. Foni yanga ikayamba mwano ndimaizimitsa, imadzuka itaiwala zonse. Tasunthani."

A Chipewa anatsitsa swichi yaikulu. Lamba anaima, mabotolo n'kugundana khwee. Anawerenga mpaka teni, n'kuyatsanso, manja m'chiuno.

"Tawerenganinso, alamu."

"Ka 42."

"Aa! Imeneyo ndiye siwerengedwa. Timayesa!"

"Lamba waima kapena sanaime?"

"Waima mwa ulemu, pamaso pa mboni."

"Waima." Wamagetsi anaimika zala zitatu. "M'kabokosimu muli zipinda zitatu. Choyamba chimasunga pulogalamu, malangizo a ntchito yonse. Chachiwiri chimasunga za pompopompo, monga ngati botolo lafika pampopi kapena ayi. Zimenezo magetsi akathima zimafufutika. Chachitatu sichiiwala."

"Ngati mkulu wanu."

"Achemwali amaiwala makiyi kawirikawiri."

"Makiyi! Koma zimene ndinanena paukwati wa msuweni wawo zaka khumi zapitazo, akuzidziwa ndi malaya amene ndinavala." A Chipewa analoza kabokosiko. "Ndiye anzeru amene anapanga ichi anakhala pansi, n'kugwirizana kuti chiziiwala botolo koma chizikumbukira ine. Maphunziro abwino zedi."

"Anapanga bwino, inde."

"Vuto n'lakuti ndinafulumira kuyatsa. Munthu saiwala pa masekondi khumi."

Anatsitsanso swichi. Ulendo uno anakhala pa kreti ya mabotolo, miyendo atapingasa, akuimba mluzu. Wamagetsi anangoyang'ana wotchi. Patatha mphindi zisanu, a Chipewa anayatsa.

"Ka 43," anatero Wamagetsi. "Mukalimbikira tifika 50 tisanadye."

"Iwe! Pepani, inu. Chimene chikukalimbitsa mutu kameneka n'chiyani?"

"Batire. Ndi iyi apa, yozungulirayi."

"Ndiye munthu ataichotsa?"

"Magetsi atathima? Chipinda chachitatu chitsala mbee."

"Ehee! Apa ndiye mwayankhula ngati m'bale. Tandibwerekani sikuludiraiva."

Wamagetsi anawapatsa, chogwirira kutsogolo.

"M'chipinda chomwecho mulinso muyezo wa mafuta a botolo lililonse," anatero, "ndi liwiro la lamba, ndi nthawi yomangira chivindikiro. Manambala 60. Akafufutika, muwalowetsanso ndinu."

"Zaka 19 ine! Manambala amenewo ndimagona nawo."

"Tchulani imodzi."

A Chipewa anayang'ana kudenga. Anakanda kuseri kwa khutu ndi sikuludiraiva ija.

"Ili ndi 7 penapake."

"Ilibe. Ndipo abwana akafunsa wachotsa batire, ndinena kuti ndinu, poti ndikhala nditakuonani."

"Mwana amene ndinkamunyamula pa njinga popita kusukulu!"

"Kawiri. Ulendo wachiwiri munandigwetsa." Wamagetsi anasendeza nkhope pafupi ndi laputopu. "Chondidabwitsa ndi nthawi zake. Tsiku lililonse 10:15 m'mawa. Kenako 3:15 masana. Mphindi zisanu ndi ziwiri, osaphonya. Lamlungu lokha ndiye phee."

"Makina opemphera."

"Lolemba, 10:15. Lachiwiri, 10:15. Lachitatu..."

"Basi, basi! Tamva!" A Chipewa anasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu. "Ndudu imodzi, alamu. Imodzi m'mawa, imodzi masana. Ndikasiya lamba akuyenda, mabotolo amagwa, ndiye ndimaimitsa. Si kusamala ntchito kumeneko?"

Wamagetsi anasiya kulemba.

"Mumasuta kuti?"

"Kuseri, m'nyumba ya makatoni. Sikubwera munthu."

"Makatoni onyowa mafuta aja."

"Ndimazimitsa ndi malovu. Sindine mwana."

"Achemwali amati munasiya fodya chaka chatha. Munalumbira pamaso pa adokotala."

"Ndinasiyadi. Kunyumba." Anagwira dzanja la Wamagetsi ndi manja onse awiri. "Poti kabokosi kanu kandiulula kale, lembani kuti ndimapita kukadzithandiza. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu. Abwana nawonso ndi achikulire, amvetsa. Koma akamva za fodya, ntchito yatha. Mkulu wanu akamva, ndatha ndine."

Wamagetsi anachotsa dzanja lake mwaulemu. Anatulutsa m'thumba la ovolosi pepala lopinda, n'kuliwongola patebulo.

"Lipoti ndinalemba kale dzulo," anatero. "Ndinati sensa ya pa lamba, yozindikira mabotolo ija, yatha, imaimitsa makina yokha ikatentha. Lero ndinangobwera kudzatsimikiza."

A Chipewa anayang'ana pepalalo, kenako kabokosi, kenako pepalalo.

"Ndiye kameneka sikanatchule dzina langa?"

"Kalibe chipinda cha mayina. Kamasunga nthawi basi."

"Za fodya?"

"Kalibe mphuno."

Wamagetsi anatenga cholembera, n'kudula mzere pa mawu oti sensa. Anadula bwinobwino, ndi rula.

"Alamu, imani kaye! Zimene ndanenazo muiwale. Ndimangocheza. Muiwale zonse!"

Wamagetsi anatseka laputopu, anakulunga chingwe chake, n'kuwatembenuzira msana.

"Pezani swichi, alamu," anatero. "Mundizimitse tione."