Pikiyapu imene ndinaikhazika pa njerwa

Dzulo masana ndinatsikira ku malire kukaona mnzanga wina, ndipo ndinapeza magalimoto a ku Japani ali ndondondo kuyambira pa geti mpaka kuseri kwa mashopu, magalasi atalembedwalembedwa ndi choko, anthu a mapepala akuthamanga uku ndi uku, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wowacheukira. Chaka chimene matipate anayamba, ine nditadutsa pa geti lomwelo ndi pikiyapu imodzi yoyera, osintha ndalama anasiya malonda awo kudzaigogoda ndi zala, wina n'kundifunsa kuti, "Achimwene, chitini chimenechi chikafika ku Thambani?"

Iwe Tadala, wandifunsa kuti udzagule galimoto yanji poti chiphaso choyendetsera watenga. Khala pansi mdzukulu wanga, manachesiwo athyola anzakowa, ndikuyankhe modzera kutali.

Nditamaliza sekondale ndinapita ku Bulawayo, ndipo ndinakhalitsa kumeneko ndikugwira ntchito m'galaja. Masiku amenewo galimoto yaulemu inali ya ku Mangalande, yachitsulo cholemera, yoti chitseko ukatseka chimamveka ngati cha ndende. Za ku Japani tinkaziseka. Kapitawo wathu ankakonda kunena kuti kampani imene inapanga pikiyapu yangayo inayamba ndi makina oluka nsalu, galimoto inadzaziyamba pambuyo, ndiye ankati, "Mukufuna kukwera chinthu chopangidwa ndi anthu a ulusi?" Koma ife amene tinkagona kunsi kwa magalimoto tinkaona zina. Zolemerazo zinkabwera m'galaja mwezi ndi mwezi ngati mwana wodwaladwala, pamene za ulusizo zinkabwera kudzasintha oyilo basi, n'kumapita. Mbiri yawo sinamveke ndi ng'oma ayi, inamveka ndi kusowa kwawo m'galaja. Ndiye tsiku limene ndinafuna yangayanga, ndinadziwa kolowera.

Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, msewu wa ku Tete tikuyenda popanda asilikali otiperekeza, ndipo pikiyapu ija nditaigula ndinaiyendetsa ndekha mpaka pakhomo pano. Tsono tamverani nzeru za munthu wophunzira. Ndinati galimoto imeneyi ndi ya ukalamba wanga, isathe ine ndisanapume ntchito. Ndinaikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumbayi kuti matayala asagunde pansi, ndinaifunditsa lona, ndipo makiyi ndinasiyira agogo anu a Nangozo. Alongo awo, a Layisoni, amene kale ankayendetsa lole, ndinawapempha kuti Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi azidzaliza injini pang'ono, koma osaisuntha. Nditatero ndinabwerera ku Bulawayo mtima uli m'malo.

Panapita zaka zitatu ndisanabwere. Nditabwera inali nthawi yozizira, manachesi atapsa, ndipo basi inanditsitsa pa boma. Kunalibe mafoni oti n'kuuza munthu kuti ndafika, monga muchitira inu lero. Ndinaona pikiyapu ya matola yopita ku Thambani, yofiira ndi fumbi, atayiwotcherera zitsulo m'mbali, ndipo ndinakwera kumbuyo ndi suti yanga, pakati pa madengu ndi mbuzi ziwiri. Woyendetsa sindinamuone, ndipo nambala ya matola amayang'ana ndani?

Titayenda pang'ono, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anati, "Mwachita mwayi bambo, mwakwera ya Mayi. Iyi siigona panjira."

"Mayi ake ati?" ndinafunsa.

"A Nangozo. Ndinu mlendo eti? Amuna awo ali ku Zimbabwe. Akuti anaikhazika pa njerwa n'kuifunditsa ngati nkhuku yofungatira."

"Ankadikira kuti iswe tiana," anatero bambo wina wa mbuzi zija, ndipo galimoto yonse inafa nako kuseka. Inenso ndinaseka pang'ono, poti ukakhala chete pagulu loseka anthu amakuyang'anitsitsa.

Pa mtsinje uja wa gombe lotsetsereka tonse tinatsika kuti galimoto iwoloke yopepuka. Chitseko cha kutsogolo chinatseguka, ndipo anatuluka agogo anu, chitenje atamanga cholimba, duku kumutu, n'kupita kukayang'ana miyala ya pamadzi. Pobwerera maso athu anakumana. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Mwafika, bambo a Filipo? Mwayenda bwanji? Tagwirani dengu ilo, lingagwere m'madzi."

Ndinaligwira. Mayi uja anaphimba pakamwa ndi nsalu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Thambani zinkalankhula ndi mbuzi zokha.

Kunyumba ndinadikira kuti anthu odzandilonjera apite, kenako ndinafunsa kuti anawaloleza ndani. Anandiyankha ali phee, akusenda chinangwa.

"Manachesi ankaolera pansi, bambo a Filipo. Ogula a ku Blantyre ankabwera n'kutchula mtengo wawo, podziwa kuti tilibe chonyamulira, galimoto ili m'tulo kuseri kwa nyumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawauza achimwene kuti m'malo mongoliza, andionetse."

"Galimoto si makina osokera," ndinatero.

"Si inu munkanena kuti anaipanga ndi oluka nsalu? Ndiye ikanandikanika bwanji ine wa ulusi?"

Ndinapita kukatsegula boneti, ndipo ndikuuzeni zoona ana inu, ndinkafuna kupeza cholakwika. Ndinayang'ana oyilo, ndinayang'ana madzi, ndinalowa kunsi ndi suti yomweyo. Thupi linali ndi zipsera za msewu wathuwu, koma injini inkalira bwino kuposa tsiku limene ndinaisiya. Munthu wanzeru akanayamika. Ine ndinapsa mtima koposa, chifukwa kuseka kwa anthu aja kunali kudakali m'makutu. Tchuthi chitatha ndinaikwezanso pa njerwa, ndinamanga lona ndi chingwe, ndipo makiyi ndinaponya m'thumba la jekete n'kupita nawo ku Bulawayo. A Layisoni anandiperekeza mpaka pamsewu akundidandaulira kuti, "Alamu, mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo galimoto ndi chimodzimodzi." Ine ndinangokwera basi n'kumapita.

Kale agogo anu ankandilembera kalata mwezi uliwonse, yodzaza mbali zonse ziwiri, za mvula, za ana, za amene wakwatiwa. Makalata aja analeka. Makiyi ndinawakoleka pa msomali m'chipinda changa, ndipo m'mawa uliwonse povala nsapato ndinkawaona, makiyi a galimoto imene ili dziko lina. Chaka chinatha. Dalaivala wina wa thiraki wa kuno ku Mwanza, amene ankaima pa galaja yathu, anandiuza kuti anawaona agogo anu atasenza dengu la manachesi akupita pamsewu, wapansi. Ndinanamizira kutanganidwa ndi sipanala.

Kenako kalata inabwera. Ndinaitsegula, ndipo munali mzere umodzi wokha: "Makoswe akupereka moni, akuti mipando ya galimoto yanu ndi yofewa."

Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Sabata yomweyo ndinakulunga makiyi m'kansalu n'kupatsa dalaivala uja. Ndinayesa kulemba kalata yoperekeza, ndinang'amba mapepala atatu, ndipo pomaliza ndinatumiza makiyi okha. Chingerezi ndinkachidziwa, galamala yonse, koma mawu akuti pepani sanatuluke m'cholembera changa.

A Layisoni anadzandiuza kuti analumikiza mawaya amene makoswe anadya, anapopa matayala, anabwereka batire kwa mwini chigayo, ndipo agogo anu atapotokola kiyi kachiwiri injini inadzuka. Anthu amene anadzaonerera anabalalika akunena kuti galimoto za mtundu umenewu sizifa, ndipo mawu amenewo mukuwamva mpaka lero m'madepoti, kwa anthu oti pikiyapu ija sanaione.

Nditabwerera kuno kudzakhazikika, chiwongolero chinali chawo. Ine ndinkakhala kumanzere, chigongono pawindo, ntchito yanga kusintha oyilo ndi kumanga madengu. Tinayenda choncho zaka zambiri, ku Blantyre ndi manachesi, ku chipatala ndi amayi oyembekezera, ku maliro ndi ku maukwati. Za makiyi aja sitinakambepo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkati ndidzanena mawa, ndipo iwo sanandifunse. Madzi akatayika saoleka, ana inu. Mawa lija linandithera chaka chatha.

Pa maliro awo munalipo, koma kaya munamva. Mkulu wa mpingo powerenga mbiri ya malemu anati, "Amuna awo, pokhala munthu wophunzira ndi woyenda, anawaphunzitsa kuyendetsa galimoto ndi kuwalimbikitsa, pa nthawi imene amuna ambiri sakanalola." Anthu anatembenuka kundiyang'ana akugwedeza mitu. A Layisoni anatisiya kale, ndiye panalibe wotsutsa. Ine ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndi chisoni, ndipo ulemu wa eni ake ndinaulandira osanena kanthu.

Ndiye Tadala, funso lako ndi losavuta. Gula ya ku Japani, ngakhale yakale, usamachedwetse oyilo, ndipo uziyendetsa. Ukadzapeza mwamuna, umuone nkhope tsiku limene anthu akuyamikira iwe iye ali pomwepo.

Koma pali chimene ndikukupempha. Mwezi wamawa tikukavundukula chiliza cha agogo ako, ndipo mbiri ija idzawerengedwanso. Maso angawa saonanso mizere. Tenga kope ndi cholembera ulembe monga ndanenera, osakometsa. Ulembe kuti anawaphunzitsa ndi alongo awo, ulembe kuti ine ndinalanda makiyi n'kupita nawo kunja, ndipo m'munsi mwake uike mawu aja amene ndinalephera kulemba. Udzawerenge ndiwe, mokweza, ine nditakhala kutsogolo. Thamanga ukatenge kopelo, ndisanayambe kudzikhululukira.