Kachitini Kanga ka Mapiritsi

Olemekezeka adokotala aakulu, olemekezeka anamwino, inu achimwene opereka mankhwala, amisiri amene mwamanga chipindachi, ndi inu amayi anzanga amene tinasenza njerwa mpaka makosi kuuma, ndakuonani nonse.

Mwandisankha kuti nditsegulire chipinda cha mankhwalachi chifukwa ndinatsogolera osenza njerwa, osati chifukwa cha sukulu, pakuti ine cholembera ndimachigwira ngati tsache. Mundikhululukire ngati maso anga akuthawirathawira kuwodi ya abambo. Mwamuna wanga wagona mmenemo, bedi lachitatu, ndipo wamugonekamo ndine.

Kachitini aka mukukaona? Zaka zonsezi mapiritsi otsala ndimawasolola m'mapepala ake n'kuponya muno. Oyera ndimati a mutu, ofiira a msana, tachikasu totsuka m'mimba. Sabata yatha bambowa anatha masiku anayi osapita kuchimbudzi, mimba ili ndi! ngati ng'oma, chakudya akubweza. Ndinawapatsa tachikasu tiwiri. Zii. Ndinawapatsa tinayi. Iwo amvekere, "Mayi, mukundipha." Ine, pakamwa pangapa mukupadziwa, ndinati, "Amuna inu kukokomeza! Mukanabereka mukanatani?"

Titafika kuno adokotala anandifunsa, "Agogo, munawapatsa chiyani?" Ndinati tachikasu. Namwino anagwira pakamwa: "Tachikasu titi? Tilipo tambirimbiri!" Adokotala anapeza kuti thumbo linapotana, njira inatsekeka, ndipo ine ndinali kukankhiza katundu pamlatho wothyoka. Anawang'amba dzana.

Tsopano akuti tidikire atulutse mphweya, ndipo tidziwa kuti matumbo adzuka. Musaseke, ana inu. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwatukwanira zimenezo m'chipinda, lero ndikuzipempherera nditatchera khutu, ndipo mpaka m'mawa uno kudakali chete.

Choncho achimwene opereka mankhwala, pawindo ili musamangoponya kapepala n'kuitana wotsatira. Mufunseni munthu, mumuuze kamwedwe kake, mubwerezenso ngati ali wouma mutu ngati ine. Ndipo inu amayi, ndikukudziwani, aliyense ali ndi kachitini kake pansi pa zovala. Musayang'ane kumbali, mayi a mapasa, tachikasu tija munandigawira ndinu.

Kanga ndi aka, landirani, musandibwezere.

Ndi mawu amenewa, chipinda choperekera mankhwala chino ndachitsegulira lero. Lumo lodulira riboni bweretsani msanga, nyimbo muimbe ine nditapita, ndikufuna ndikakhale pafupi ndi bedi lija.

Zikomo kwambiri.