Bondo Langa Linathera pa Khoma la Bwalo

Abale na alongo, mwachoma bwanji? Mtendere wa Ambuye ukhale na imwe nonse.

Ine ndine Yotamu. Achikulire ena pano munaniona nikuchaya bola, mpira wa miyendo, pa namba naini. Masiku aja timu inali ya kampani. Ukachaya bwino akupatsa nchito na nyumba. Ine ananilemba ukalaliki, koma cholembera sininachigwirepo! Nyumba ku Chilenje, ya malaiti, pompi mkati. Akazi anga, amake Tisa, anali kugula nyama pakati pa mwezi.

Manje mverani. Tsiku la mpikisano wa kapu tinapita ku bwalo la timu inzathu. Sing'anga wa timu anati pa geti eni bwalo akwirirapo mankhwala, wopita pamenepo miyendo izalema. Ba kochi anatilamula kulowera kumbuyo. Amuna akuluakulu, nsapato m'khosi, kukwera khoma monga akawalala! Ine ninalumpha. Pansi panali ngalande. Bondo linalira, phwa!

Bola sininaichaye tsiku lija. Sininaichayenso mpaka lero.

Kampani inati sininapwetekere pa nchito, sininapwetekere m'bwalo, ninapwetekera pa khoma la eni. Nchito inatha. Nyumba anatenga. Tinasamukira kuno ku komboni ya George, m'kachipinda kamodzi, mvula ikagwa madzi mpaka pa mphasa. Njala, abale, njala! Pa layini ya unga wa nsima ninali kuima na ndodo, anthu amene anali kuimba dzina langa n'kumanikankha. Amake Tisa anapirira, anapirira, mpaka analema. Anatenga mwana n'kubwerera kwao ku Katete. Siniwapatsa mlandu. Ine ninalowa m'kachasu. Ninafuna kufa, sinibisa.

Amene ananitola m'mbali mwa msewu ni Ba Mulenga, osoka nsapato, akulu a mpingo uno. Sananilalikire. Ananisambika, ananipatsa tiyi, anati mawa nibwerenso. Ninabwera chifukwa cha tiyi chabe. Mawu a Mulungu ananipeza pambuyo pake.

Zaka zinapita. Nitayamba kulalikira ninati basi, manje Mulungu azanibwezera banja langa. Ninakwera basi ya ku Katete, diresi ya Tisa ili m'chola. Ninapeza amake anakwatiwa kale. Tisa, mtsikana wamkulu ndithu, anagwada n'kulandira diresi na manja awiri.

"Zikomo, alendo," anatero. "Atate apita kumunda, muwadikire."

Abale, sinizakunamizani. Mwendo sunapole. Banja silinabwere. Nikhala nekha, nilalikira pa msika na kuchipatala. Bondo silipinda, ndiye nipemphera choimirira. Masiku ena nimalira, mlaliki monga ine. Koma nili moyo, na kachasu ninaleka. Pa ichi nikuti zikomo Yesu, zikomo.

Munipempherere. Mumupempherere Tisa, na atate aja amene akumulera. Ameni.