Foni yanga inalira patebulo la asewere

Omvera anzanga, ndinapita ku Lusaka kukaona mdzukulu wongobadwa kumene. Nditatsika basi m'tauni, ndinagula simu ya komweko n'kuika m'foni yanga ya ku Malawi. Mayunitsi ndinawaumira, ndiye ndinangoflasha asewere anga a ku Kabulonga kangapo kuti andiimbire, monga timachitira kwathu. Sanaimbe, moti kunyumbako ndinafika pofunsira.

Tikudya, asewere aamunawo anayamba kudandaula: "Kuli munthu anivuta maningi lelo, angopeja-peja. Alibe ulemu! Lekani nimutumile, mumvele."

Kupeja ndiye kuflasha kwa kumeneko. Anaimbadi. Foni inalira m'chikwama changa. Mwana wanga anangozyolika.

"Kansi ndimwe, asebele?"

Mpaka lero ndikawaimbira, amadula n'kundiimbira okha.