Sitima Yomira Dala

Kwa zaka zambiri a Kudrat ankaonetsa kanema mmodzi yemweyo m'holo ya m'dera lawo, kufupi ndi mzinda wa Kokand: kanema wa nkhondo yakale, wa asilikali otsekeredwa m'sitima yoyenda pansi pa madzi. Tsopano wapampando wa dera, mayi Sanobar, anali atagamula kuti mawa anthu anene maganizo awo, ndipo pakapanda ngakhale mmodzi woyamikira, holoyo ipita kwa ochititsa maukwati. Choncho a Kudrat analawirira kwa sewere wawo, a Holmat ophika buledi, munthu yekhayo amene dzulo lake anakhala mpaka kanema kutha.

"Asewere, mwadzuka? Ndasenza nkhani yolemera."

"Tulani pa benchipo," anatero a Holmat, mutu uli m'ng'anjo, akumata buledi kukhoma lake. "Koma osati pa ufa."

A Kudrat anakhala pansi, nadzithirira tiyi. "Anthu a dera lino ndi mbuzi, asewere. Mbuzi zovala nsapato! Mkazi wa dokotala wa mano akuti m'kanemamo mulibe nyimbo. Nyimbo! Adani ali pamwamba ndi mabomba, iye akufuna anthu avine. Wometa uja akuti chinamunyansa n'ndevu. Wina akuti mulibe mkazi ngakhale mmodzi."

"Analimo mmodzi."

"Eya! Auzeni!"

"Pa chithunzi. Anam'khoma pakhoma."

"Zokwanira zimenezo. Tsono inu, amene munakhala mpaka mapeto, tandiuzani. Munaona chiyani?"

"Mdima."

"Kupatula mdima."

"Nkhongo ya munthu amene anakhala kutsogolo kwanga. Iye atatuluka m'pamene ndinauona bwinobwino mdimawo."

A Kudrat anameza tiyi wotentha mwamphamvu. Mboni inali imodzi yomweyi, panalibe posankha.

"Ndikunena za mumtima, asewere. Palibe chimene chinakukhudzani?"

"Chilipo."

"Ehe!"

"Msomali wa pampando. Unandikhudza kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Nanga osasamukira pa mpando wina bwanji? Holo yonse inali mbee!"

"Kaputeni uja anati aliyense akhale chete, wina asasunthe. Ine ndine yani kuti nditsutsane ndi kaputeni?"

"Amauza asilikali ake!"

"Amayang'ana ine."

"Amayang'ana kamera!"

"Ndiye kamerayo inali kumbuyo kwanga, chifukwa maso aja anali pa ine. Ngakhale kutsokomola ndinadziletsa, asewere. Ndinakatsokomolera kunyumba."

A Kudrat anavula kachipewa kawo, napukuta dazi, nakavalanso. "Chabwino. Timvane chinthu chimodzi. Mawa, pamaso pa mayi Sanobar, simunena za m'mutu mwanu. Zimene ine ndinene pano za kanema ameneyu, ndizo mukanene, liwu ndi liwu. Lumbirani."

A Holmat anapukuta manja pa epuloni, naimirira mowongoka. "Ndalumbira pa mdzukulu wathu. Mulungu akumva."

"Nenani: kanema ameneyu amatiphunzitsa kupirira."

"Kanema ameneyu amatiphunzitsa kupirira. Zoonadi zimenezo. Ine ndinapirira."

"Osawonjezera!"

"Osawonjezera!"

"Ayi, pamenepo ndimauza inu."

"Ngati kaputeni uja?"

"Iiii, Mulungu wanga. Tiyeni tipitirize. Nenani: sitima ija ndi chizindikiro cha mtima wa munthu."

A Holmat anakanda chibwano, nasiyapo ufa. "Pamenepo ndifunseko kaye, kuti ndikanene ndikumvetsa. Sitimayo inamira yokha kapena anaimiza?"

"Imamira dala. Anaipanga kuti izimira."

"Dala?"

"Dala."

"Ndiye madzi atayamba kulowa amakuwa chiyani? Walowa m'madzi dala sadandaula kunyowa."

"Madzi amayenera kukhala kunja, iwo m'kati!"

"Akanakhala kumtunda ngati ife. Madzi onse akanakhala kunja."

"Inali nkhondo, asewere! Amabisalira adani!"

"Adaniwo anawapeza?"

"Anawapeza."

"Ndiye kubisalako kunathandiza chiyani?"

Pa zaka zonse zija palibe amene anawafunsapo a Kudrat funso limeneli, chifukwa palibe amene ankakhala nthawi yokwanira kuti afunse.

"Inu simunaionepo nyanja," anatero potsiriza. "N'chifukwa chake."

"Inu munaiona?"

"Ndaiona kambirimbiri."

"Kuti?"

"M'kanemamo."

"Ndiye tonse tinaiona dzulo. Yakuda bii."

"Siyani za nyanja! Nenani za kaputeni. Mwamuna uja, poyang'ana m'chipaipi chake chija choonera pamwamba pa madzi, nkhope ili gwa, moyo wa anthu onse uli m'manja mwake!"

"M'manja mwake munali zogwirira za chipaipi. Koma munthu amene ine ndimamutsata ndi wophika uja."

"Wophika? Amene amangooneka kamodzi?"

"Yemweyo. Anakanda ufa bwinobwino, dzanja lake n'labwino, nauphimba ndi nsalu. Belu n'kulira, onse n'kuthamangira kutsogolo. Ufa uja anausiya pompo. Kutentha konse kuja, asewere! Anthu thukuta kamukamu. Mukudziwa zimene ufa wokanda umachita pamalo otentha chotero?"

"Sindikufuna kudziwa."

"Umafufuma. Umasefukira. Ine ndimangodikira kuti wina aukumbukira. Mabomba akuphulika, ine ndili: ufa, anthuni, ufa! Kanema mpaka kutha, palibe anabwererako. Tsono inu mwamuonera kambiri. Ufa uja unathera kuti?"

"Sindikudziwa!"

"Simunafunsepo?"

"Ndifunse yani? Anthuwo anafa onse!"

"Ndi njala?"

"Ndi bomba!"

"Komabe anafa ndi njala m'mimba. Wophika akanangoponya mu uvuni asanathamange."

"Asewere, sitima ikumira, inu mukufuna munthu aziphika buledi?"

"Mwanena nokha kuti imamira dala. Ngati anadziwa kuti amira, bwanji anakanda ufa?"

Apa m'pamene china chake chinaduka mwa a Kudrat. Anadzambatuka, kabakuli ka tiyi n'kugubuduka, ndipo mawu amene anakhala akuwatsutsa kwa wometa, kwa mkazi wa dokotala, ngakhale kwa malemu akazi awo, anatuluka pakamwa pawo pomwe ngati madzi oboola khoma.

"Chabwino! Mwapambana nonse! Ndi kanema wachabechabe! Zitsiru zodzaza chitini, zondevuka, zonunkha thukuta, kunong'onezana mumdima kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa! Kaputeni wake chidzete, amangosuzumira m'paipi ngati munthu wofuna khoswe! Wophika wake mbuli! Amamira dala, amalira dala, amafa dala, ndipo aliyense woonera mpaka mapeto mutu wake sukoka! Mwakondwa?"

Anakhala pansi akupuma wefuwefu. M'ng'anjo buledi anali atayamba kupserera, koma a Holmat sanatembenuke. Anangoima chilili, maso ali tong'o.

"Asewere," anatero motsitsa mawu, "sindinkadziwa kuti muli ndi mtima wouma chotere."

"Mwati chiyani?"

"Kunyoza kanema ngati ameneyu? Ana a eni aja, kutsekeredwa motentha muja, opanda zenera, opanda mpweya, wina kugwira mnzake dzanja osatha kuyankhula. Ine ndinalira, asewere. Chibadwire sindinaonepo kanema wokoma chotere. Usiku sindinagone."

A Kudrat anagwira benchi ndi manja awiri. "Munamukonda?"

"Kwambiri."

"Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi?"

"Simunandifunse. Munafunsa chimene ndinaona, ndinakuuzani. Munafunsa chimene chinandikhudza, ndinakuuzani."

Nkhope ya a Kudrat inawala ngati mbale yotsukidwa kumene. Analumpha, nawakumbatira a Holmat, ufa n'kuwayeretsa chikhotho chonse.

"M'bale wanga! Magazi anga! Holo yapulumuka! Mawa mukanene zomwezo. Za ana a eni, za dzanja, za misozi, zonsezo!"

A Holmat anadzimasula pang'onopang'ono, napukusa mutu mwachisoni.

"Ndikanakonda, asewere, koma ndinalumbira pa mdzukulu wathu. Tandikumbutsani bwino ndisakalakwitse: pambuyo pa 'zitsiru zodzaza chitini' pamabwera 'zondevuka' kapena 'zonunkha thukuta'?"