Ndinachotsa namwino pagulu la pa foni

Alemekezeke Ambuye, abale ndi alongo. Moni nonse.

Ine ndimagulitsa matemba pa Golomoti. Kale ndinali woyang'anira gulu la pa foni la amayi a mpingo uno, ndipo ndinkadzimva.

Matenda a kolera atavuta kuno, pafoni panga panafika voisi, uthenga wa mawu ojambulidwa. Mwamuna wa mawu okoma, n'kuyamba ndi pemphero. Pemphero, abale! Kenako akuti, "Musapite ku tenti ya kolera. M'madiripi awo muli poizoni. Wodwala m'mwetseni madzi a phulusa." Ine kungomva dzina la Yesu koyambirira kuja, basi ndinatumiza pagulu.

Pagulupo panali a Nabanda, namwino, mnzathu wa m'kwaya. Anajambula voisi yawo: "Amayi, limenelo ndi bodza. Kolera imamaliza madzi m'thupi. Diripi ndi madzi obwezeretsa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba, thamangani naye." Tsiku ndi tsiku ankabwereza. Ine ndinati awa akungoteteza ntchito yawo. Ndinawachotsa pagulu. Ndi chala ichi!

Sabata isanathe, mwana wanga Tamanda anayamba kutsegula m'mimba. Ine kalikiliki kusefa phulusa. Mawa lake maso analowa m'kati, kumuitana osayankha. Bambo ake anachita kundilanda mwanayo, kumukweza pa kabaza. Ku tenti tinapeza ndani? A Nabanda. Sanandinyoze. Anangogwada n'kuyamba kufunafuna mtsempha.

Tamanda ndi uyo wakhala apoyo. Ayi, musaombe m'manja. A Nasibeko, amene ndimakhala nawo benchi limodzi muno, anamvera voisi yomwe ndinatumiza ija. Amuna awo atadwala kolera, anawabisa m'nyumba masiku atatu. Amunawo tinawaika m'manda.

Ndakwiya, abale! Ndakwiya naye mwamuna wa voisi uja, wopanda dzina, wopanda nkhope, wopemphera kaye asanaphe anthu. Ali kuti lero? Pamaliro anabwera? Ana a Nasibeko akuwadyetsa ndi iye? Ndakwiyanso ndi ine ndemwe. Khutu ndi langa, chala ndi changa.

Ndikuthokoza Mulungu pondibwezera mwana amene ndinatsala pang'ono kumupha ndekha. Ndinakapepesa kwa a Nabanda, ndipo lero gulu akuyang'anira ndi iwo. Nkhani ya matenda ikafika, timayamba tawafunsa. Bodza amaliyankha tsiku lomwelo.

Ine ndikugulitsabe matemba anga. A Nasibeko amadutsa pamsika m'mawa uliwonse. Ndimawapatsa moni. Mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sindikuwadandaula.

Mundipempherere. Muyambe kupempherera iwowo. Amen.