Paipi Imene Ndinaichirikiza ndi Mtengo wa Bulugamu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mmisiri wa malata wa pa Boma pa Ntcheu, ndipo chimwalirire mkazi wanga sindilankhula zambiri. Koma za tsiku limene anthu anafuna kundipha ku Bwanje sindingazibise.

Ndinkaika mapaipi a malata oyendamo mpweya wozizira m'nyumba yosungiramo mbewu ya mpunga. Pa ntchito yathuyi paipi siyenera kutsamira makina oziziritsa mpweyawo. Pafupi ndi polumikizira pamafunika chitsulo chakechake chomangirira kudenga, ndipo pakati pa paipi ndi makina timaika lona kuti makina akamanjenjemera asagwedeze malata. Loweruka zitsulo zinandithera nditatsala ndi malo amodzi okha, pakamwa penipeni pa makina. Ndinachirikiza paipiyo ndi mtengo wa bulugamu, n'kuuza mlonda kuti asayatse makinawo mpaka nditabwera Lolemba. Waya wa magetsi sindinachotse. Kulakwa kwanga kunali kumeneko.

Lolemba m'mawa, ndikufika ndi chitsulo paphewa, ndinamva makina akulira. Kunja kunali kutatentha kale, ndiye onyamula matumba anali atayatsa. Ndinaona mtengo uja ukutsetsereka pasimenti. Ndinakuwa, koma mochedwa. Paipi inang'amba lona n'kugwa, lata linatema mkono wa bambo wina wonyamula matumba, dzina lake Yohane. Magazi anathovoka mpaka pakhoma.

Ndinagwada, ndinamasula mpango wa malemu mkazi wanga umene ndimakulungira kamba, ndinamanga pamwamba pa bala n'kukanikiza ndi manja onse awiri. Anthu anadzaza khomo.

"Ndi ameneyu mmisiri wake! Watiphera munthu!" anakuwa wina.

Chidutswa cha njerwa chinandiphwanya mlomo, dzino linagwera pa malaya. Anandiponda m'nthiti, anandikwapula pamsana ndi mtengo womwe uja. Ndinadziwa kuti ndikangokweza manja kuti nditchinge mutu, Yohane atha magazi. Mumtima ndinati, Ambuye, ngati n'kufa ndife, koma manja angawa asamasuke. Maso anachita mdima. Ndinamva wina akuitanitsa chikwanje.

Pamenepo mayi wina wachikulire, matope a m'munda wa mpunga ali m'miyendo, anakankha amuna aja n'kudzagwa pamsana panga. Anali mayi ake a Yohane.

"Menyani ine! Anthu inu mulibe maso? Taonani pamene pali manja a bambowa! Mukawachotsa, mwana wanga mumugwira ndinu?"

Onse anasiya kundimenya. Amene anaitanitsa chikwanje uja ndi amene anathamangira galimoto yopita kuchipatala. Ndinakwera osasiya mkonowo, mpaka anamwino anachita kundimasula zala chimodzichimodzi. Anati kukanikizako n'kumene kunamusunga.

Nthiti zanga zitapola ndinabwerera kukamaliza ntchito. Ndinaulula pamaso pa onse kuti mtengo uja ndinaika ndine. Amene anandigwirira makwerero ndi Yohane, ndi mkono wa zipsera womwewo, ine ndikumanga mabawuti a chitsulo chija. Mayi ake anandibwezera mpango atauchapa, ngakhale banga silinachoke.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mpulumutsi kuchokera m'nyumba imene ndinailakwira. Amisiri anzanga, musasiye paipi pa mtengo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mukachoka chotsani magetsi. Inu nonse amene muli pa mayesero, chabwino chimene mwagwira musachisiye, ngakhale akumenyeni. Ine manja anga sanamasuke, ndipo tonse awiri tili moyo. Ameni.